Mutu 12: Mwana Wopsa ndi Moto ndi Ulendo Wake Wobwerera Kusukulu

Pamene miyezi ya Juni ndi Julayi yafika, chisanu chitatsika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, chiperoni nacho chitakuta Thyolo ndi Mulanje kotero kuti dzuwa limatha masiku osaoneka, anthu a dziko lino, akulu ndi ana omwe, amasendera kufupi ndi moto, ena pamafuwa ena pambaula. Ndipo m'nyengo yomweyo ndi m'mene zipinda za anthu opsa m'zipatala zathu zazikulu zimadzazira. Ochuluka mwa ogona m'menemo ndi ana, ambiri a iwo osafika ndi zaka 5 zomwe: wina anagubuduza mphika wa phala uli pamoto, wina analowa m'beseni la madzi osamba amake asanathiremo ozizira, wina malaya ake anagwira moto alikuwotha, winanso matenda a khunyu anamgwetsera pamakala popanda womuona. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo padziko lonse, limawerengera kuti anthu ngati 180,000 amafa ndi kupsa chaka ndi chaka, ndipo unyinji wa iwo ndi a m'maiko osauka onga lathu lino. Koma m'mutu uno tikamba za mwana amene anapulumuka, natuluka m'chipatala ali moyo, ndi za mtunda wautali umene umtsalira kufikira atakhalanso pakati pa anzake m'kalasi.

Nkoyenera kuyamba ndi kuthokoza, pakuti makolo athu analibe zimene tili nazo ife lero. Chipinda chapadera cha anthu opsa chinatsegulidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chija cha Gulupu, m'chaka cha 1993, madokotala a kuno atagwirizana ndi anzawo a ku Scotland. China chinakhazikitsidwa pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2011, mothandizana ndi yunivesite ya North Carolina ya ku America. M'menemo mwana amamuika dilipi yobwezera madzi otayika pabala, namtsuka balalo ndi kulimanga. Bala losazama limapola lokha m'masabata awiri kapena atatu. Koma likakhala lozama, loti lapyoza khungu lonse, palibenso pomera khungu latsopano, ndipo madokotala amapita naye mwanayo ku fiyeta, nasenda kakhungu kopyapyala pantchafu kapena pena posapsa, nakaphimba nako pabalapo. Alipo makolo amene amakana zimenezi poopa kuti mwana wawo apatsidwa bala lachiwiri, ndipo mantha awo ndi omveka. Koma pamene asendapo pamapola pokha pakatha masabata ngati awiri, pomwe bala lozama lolekedwa miyezi kuti lidzipolera lokha ndilo limasiya chipsera choipa koposa zonse.

Tsono likafika tsiku lotuluka, mayi amene wakhala gadiyani masabata kapena miyezi, akugona pasimenti pambali pa bedi, akuphika pakhitchini ya odikirira odwala, munda utamera thengo kumudzi ndi ana ena atawasiya m'manja mwa agogo awo, amamanga katundu wake ndi mtima wopepuka, nayesa kuti nkhondo yatha. Abale nawo amabwera kudzazonda, naona kuti bala latseka, nati, "Mulungu ngwamkulu, mwana wachira." Sindifuna kuchepetsa chimwemwe chimenechi, popeza nchoyenera ndithu, koma indetu ntchito yaikulu imayamba tsiku lomwelo, ndipo imagwiridwa kumudzi, kumene kulibe namwino kapena dokotala.

Chifukwa chake nchakuti chipsera cha moto sichikhala chete. Yense amene anaonapo chikopa cha mbuzi chitangosendedwa adziwa kuti mukapanda kuchitambasula ndi kuchikhomera pansi ndi zikhomo, chimauma chokwinyika, ndipo chikauma motero simungachiwongolenso ndi manja. Chipsera nacho chimakoka chomwecho, usana ndi usiku, kwa miyezi yambiri, makamaka pamene chadutsa polumikizana mafupa. Mwana wopsa amafuna kugona chopinda, mkono atauphatika kunthiti, mwendo ataukhwinyata, mutu ataweramitsa, pakuti potero ululu umachepa. Ndipo m'kagonedwe komweko ndi m'mene chipsera chimamgwirira, kotero kuti pakatha miyezi ingapo chibwano chamatirira pachifuwa, mkono sukwera kupyola phewa, bondo silitambasuka, zala zapindikira m'chikhatho. Anthu poona amati moto unamlemaza, koma kawirikawiri chimene chinamlemaza ndi miyezi yotsatira motowo. Akale anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ndipo chilema ichi chimadza pang'onopang'ono, anthu alikuchiona, chili chotheka kuchitsekereza.

Nchifukwa chake a mafizo amayamba ntchito yawo mwana akali m'wodi, bala lisanapole nkomwe. Wopsa pakhosi samgoneka papilo, koma amamuikira kansalu kokulunga kunsi kwa mapewa kuti mutu ugwere m'mbuyo. Wopsa m'khwapa amamtambasulira mkono kumbali, kulingana ndi phewa. Chigongono ndi bondo amaziwongola. Zala amazimanga chilichonse pachokha kuti zingamatirirane. Kuti chiwalo chikhalebe chowongoka amachiikira chikhakha kapena chothandizira cha pulasitiki, chimene mwana amagona nacho usiku kwa miyezi yambiri atatuluka kale. Akatswiri a ntchito imeneyi ndi ochepa m'dziko muno, chinkana sukulu ya madokotala ku Blantyre inayamba kuwaphunzitsa mu 2010, ndipo a bungwe la MAP, lomwe linayamba mu 1979 polimbana ndi kulumala kwa poliyo, anatsegula malo awo ku Kachere mumzinda womwewo. Mwana wa kumudzi kwenikweni, amene ulendo umodzi wa kuboma umadya ndalama ya chakudya cha sabata, sangawaone kawirikawiri. Motero manja amene adzamuwongole ndi a mayi wake, kapena bambo, kapena azakhali. Ndipo gadiyani wanzeru sachoka m'chipatala asanapemphe a mafizo kuti amuonetse, iye nayesa pamaso pawo kufikira atadziwa.

Apa mpamene pali chiyeso chachikulu cha kholo. Kutambasula chiwalo chokoka kumapweteka, mwana amalira, nayang'ana amake ndi maso odandaula, agogo nawo nkumakalipa ali pakhonde kuti, "Mlekeni mwanayo, wazunzika kokwanira." Ndani wobala amene mtima wake sungasweke? Koma chifundo cholekerera lero chimabala dzanja losagwira khasu kapena cholembera moyo wonse, ndipo mwana yemweyo akadzakula adzafunsa chifukwa chake anamleka. Njira yofewetsa ilipo: kumsambitsa kaye, kumdzoza mafuta a Vaseline pachipsera ndi kusisita mozungulira ndi chala chachikulu, kumpatsa mankhwala ochepetsa ululu amene achipatala analamula, ndipo kenaka kutambasula pang'onopang'ono popanda kugwedeza, kugwira pomwepo kanthawi, ndi kubwereza kangapo pa tsiku. Koposa apo, mwana amachita mosewera zimene amakana pomuuza. Mtsikana wa zala zouma achite phada ndi anzake, atong'ole chimanga, asole mtedza. Mnyamata aumbe ng'ombe zadothi bala likatseka, asewere bawo, aponye mpira m'mwamba. Wa m'khwapa mokoka ayanike zovala pachingwe chachitali. Asamdyetse ngati angathe kudya yekha, asamveke ngati angathe kuvala yekha, ngakhale atenge nthawi yaitali, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Khungu latsopanolo lili ndi zosowa zake. Lilibe mafuta akeake, motero limauma ndi kung'ambika likapanda kudzozedwa. Pamene panapsa kwambiri sipatuluka thukuta, motero mwana amatenthedwa msanga. Dzuwa limaliwotcha mosavuta, kotero kuti chipewa ndi malaya a manja aatali nzofunika kwa chaka chathunthu kapena kupyolapo. Limayabwa koopsa, makamaka usiku, ndipo zikhadabo zikhale zowengedwa kuti angadzikande natsegulanso bala. M'miyezi yoyamba chipsera chimatupa ndi kulimba, makolo nataya mtima poyesa kuti chikuipiraipira. Koma chimafewa ndi kuphwa pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, ndipo kumene zilipo, zovala zothina zopanikiza chipsera, zovalidwa pafupifupi maola 23 pa tsiku, zimathandiza kuti chisatukumuke. Thupi lopsa limadyanso mwaumbombo, popeza likumanga mnofu watsopano: mazira, mtedza, nyemba, soya, usipa, mkaka ndi phala la Likuni zisamsowe monga m'mene banja lingathere. Ndinene pano, popeza ambiri amalakwa, kuti dzira malo ake ndi m'mimba mwa mwana, osati pabala. Wopsa kumene amthire madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osampaka dzira, Colgate kapena mafuta ophikira, ndipo athamangire naye kuchipatala.

Koma pali bala lina limene bandeji silifika. Mwana amene anaona moto pathupi pake, napirira kutsukidwa kwa bala tsiku ndi tsiku, amadzidzimuka kutulo, amabwerera kukodza pamphasa ngakhale anali atasiya, amakakamira chitenje cha amake, amathawa akamva fungo la utsi. Wina amakhala waukali, wina amangoti zii. Izi si kupusa kapena mwano, ndipo chikwapu sichichiza. Ngati nkhope yake yasintha, asadzione koyamba mwangozi pagalasi la galimoto kapena m'madzi a mumtsuko ali yekha. Munthu amene amamkonda akhale naye pambali, namuuze zoona, kuti chipsera chidzafewa ndi kusintha mtundu koma sichidzachoka chonse. Mayi nayenso amasenza mtolo wake, pakuti mudzi sulephera kunong'ona kuti anali kuti pamene mwana ankapsa, ena nkumatchula ufiti, ena nkumaloza apongozi. Ndipo mayi wogwidwa ndi manyazi amabisa mwana m'nyumba, namfunditsa nsalu alendo akabwera. Mwana amawerenga nkhope ya amake kuposa buku lililonse, ndipo akaona kuti akumbisa amaphunzira kuti iye ndi chinthu chobisa. Tsoka silinunkha, ndipo mayi wophika pamafuwa ali ndi khanda kumsana ndi wina woyenda chokwawa alibe maso anayi. Pokhapo pamene munthu wamkulu wawotcha dala manja a mwana chifukwa cha ndiwo kapena kandalama, monga timamvera nthawi ndi nthawi, apo ndi mlandu woti upite kupolisi, ndipo mudzi wobisa zotere ugawana nawo tchimolo.

Tifike tsono pa za sukulu. Ambiri amayesa kuti mwana adikire kufikira chipsera chitaoneka bwino, kapena ayambe chaka chamawa, kapena, akakhala mtsikana, angokhala pakhomo. Ndipo teremu imodzi imasanduka chaka, chaka nkusanduka moyo wonse. Madokotala a anthu opsa amalangiza zosiyana ndi zimenezi: bala likatseka, ndipo mwana ali ndi mphamvu zokhala tsonga ndi kuyenda, abwerere m'masabata owerengeka, ngakhale ayambe ndi theka la tsiku. Pakuti mantha amakula ndi kuchedwa, anzake amamuiwala napeza ena osewera nawo, maphunziro amamsiya m'mbuyo. Ndipo kwa mwana amene dzanja kapena mwendo sudzalimbanso ngati kale, amene ganyu wa khasu ndi katundu wa pamutu sizidzamdyetsa, sukulu ndiye munda wake. Lamulo lili kumbali yake. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Lamulo la anthu olumala la 2012 linaletsa kumana munthu maphunziro chifukwa cha kulumala. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale. Mphunzitsi wobweza mwana chifukwa akuti awopsa anzake alibe poimira.

Chinsinsi cha kubwerera kwabwino ndi kukonza njira mwana asanafike. Kholo lipite lokha kwa mphunzitsi wamkulu ndi wa kalasi, buku la kuchipatala lili m'manja, likafotokoze chimene chinachitika, chimene mwana angathe ndi chimene sangathe, ndi masiku amene adzajomba popita ku mafizo. Ngati mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena mmodzi wa amayi a gulu loyang'anira ana pasukulu angaperekeze, nkwabwino koposa, popeza mutu umodzi susenza denga. Mwanayo afunsidwenso zimene afuna kuti anzake auzidwe ndi zimene safuna, pakuti nkhaniyo ndi yake. Kenaka mphunzitsi ayankhule ndi kalasi dzulo lake, mosabisa ndi mosaopseza: "Ana inu, mnzanu uja abwera mawa. Anapsa ndi moto ndipo anagona nthawi yaitali m'chipatala. Khungu la kumaso ndi la mkono lasintha, ndipo amavala chipewa chifukwa dzuwa limampweteka. Chipsera sichipatsirana, mukhoza kumgwira dzanja, kudya naye ndi kukhala naye desiki imodzi. Amene ali ndi funso afunse ine lero." Ana ndi achidwi asanakhale ankhanza, ndipo chidwi chikayankhidwa poyera nkhanza imasowa chakudya. Nkwanzerunso kutuma anzake apamtima awiri kapena atatu kukamuona kunyumba tsikulo lisanafike, kuti polowa pabwalo la sukulu, pamene maso mazana adzatembenukira kwa iye, akhale ndi oyenda nawo amene anamuzolowera kale.

Zotsala ndi zing'onozing'ono, zosalira ndalama koma mtima. M'sukulu zathu zambiri kalasi imodzi imakhala ndi ana oposa 100, ena naphunzira pansi pa mtengo; mwana wotere akhale pamthunzi ndi podutsa mphepo, ndipo wa bondo lokoka, amene kukhala pansi chopinda miyendo kumamuipitsira, apezeredwe mpando kapena benchi. Aloledwe chipewa ndi malaya aatali ngakhale sizigwirizana ndi yunifolomu, aloledwe kumwa madzi ndi kudzola mafuta ake pa nthawi yopuma. Cholembera chikulungidwe kansalu kapena mphira kuti chinenepe, zala zouma zichigwire. Ndipo ngati alemba mochedwa apatsidwe nthawi, aphunzitsi nadziwitse a MANEB nthawi ikalipo pamene mayeso a Sitandade 8 ayandikira. Aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, angathe kulangiza pa zotere kumene alipo. Koma pali kulakwa kwinanso, kwa mphunzitsi wachifundo chopyola muyeso, amene samfunsa funso mwanayo, samdzudzula akalakwa, namkhazika pakhonde anzake alikusewera mpira. Kumeneko nakonso nkumsala, kungoti kwavala nkhope yabwino. Asese nawo m'kalasi, ayimbe nawo kwaya, alangidwe akachita mwano monga mwana wina aliyense.

Maina achipongwe adzabwera ndithu, ndipo mphunzitsi awadule tsiku loyamba lomwe, osati kunena kuti ndi zachibwana, popeza dzina loipa likamera pasukulu limamtsata munthu kufikira ukulu. Komabe mphunzitsi sakhala panjira ya kumudzi kapena pamjigo, ndipo mwana ayenera kukhala ndi chida chakechake. James Partridge, Mngelezi amene anapsa nkhope pangozi ya galimoto mu 1970 ali ndi zaka 18, nadzayambitsa bungwe la Changing Faces mu 1992, anathera moyo wake kuphunzitsa anthu a nkhope zosinthika kuti angathe kuphunzira kayankhidwe ka owayang'anitsitsa monga munthu aphunzirira luso lina lililonse. Kholo liyeserere ndi mwana kunyumba yankho lalifupi, loyankhula mutu uli chilili ndi maso ali pa wofunsayo: "Ndinapsa ndi phala ndili wamng'ono, koma ndinachira. Tiye tikasewere." Wofunsa akayankhidwa motero kawirikawiri amasowa chowonjezera.

Mwana amene anapsa chifukwa cha khunyu amasenza mitolo iwiri, ndipo za iye ndiyenera kunenapo mwapadera. Chikhulupiriro chakuti matendawa amapatsirana pokhudza thovu la wogwayo chachititsa kuti ena aime potero mwana ali pamoto, ndipo ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene mabala a anthu akhunyu amakhalira ozama kwambiri. Chinanso chimati wakhunyu akapsa sachiranso. Zonse ziwiri nzabodza. Khunyu sapatsirana, ndipo mankhwala oletsa kugwa amaperekedwa m'zipatala za boma. Akamwedwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ambiri amasiya kugwa. Kuchiza bala kokha osachiza kugwako nkumbwezera mwana kumoto womwewo. Aphunzitsi ndi ana a m'kalasi auzidwe chochita akagwa: kumchotsa pafupi ndi zopweteka, kumgoneka chammbali kugwedezeka kukatha, osamuika kanthu m'kamwa.

Chinthu china chimene makolo ayenera kudziwiratu, kuti angadzayese kuti analakwitsa, nchakuti mwana amakula koma chipsera sichikula naye mofanana. Mkono umene unkatambasuka bwino ali ndi zaka 6 ukhoza kuyambanso kukoka pa zaka 12, mafupa atatalika. Mtsikana wopsa pachifuwa afunika kuonedwanso pamene akutha msinkhu. Pamenepo madokotala amamasula chipseracho ku fiyeta, naikapo khungu lina, mafizo nkuyambiranso, ndipo ena amachitidwa motero kangapo asanakule. Chipatala cha ana cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimachita maopaleshoni otere kwa ana popanda kulipiritsa, ndipo zipatala zazikulu za boma nazonso zimachita.

Tsono inu owerenga, kaya ndinu mphunzitsi, mfumu, mkulu wa mpingo kapena mnansi chabe, mwina mukudziwa mwana m'mudzi mwanu amene anapsa zaka zapitazo, dzanja linapindika, dzina lake linafufutidwa m'kaundula wa sukulu, ndipo tsopano amangokhala kuseri kwa nyumba. Pitani kwa makolo ake mwaulemu, muwauze kuti chiwalo chokoka chimamasulidwa ngakhale patapita zaka. Muwaperekeze kuchipatala cha boma ndi buku lake la kuchipatala kuti akapemphe kalata yowatumiza kwa madokotala a opaleshoni, ndipo podikira tsiku la opaleshoniyo, mukamlembetsenso sukulu teremu yomwe ino.